Jiao Yulu, bwana amene anayamba wafunsa alimi

Pali atsogoleri ena amene akangopatsidwa mpando amayamba ndi kufunsa za galimoto ndi nyumba. Lero ndati ndikuuzeni, abale anzanga, za munthu wina wa ku China amene atafika pamalo ake a ntchito anayamba ndi kufunsa kumene mphepo imalowera ndi kumene madzi amathera. Dzina lake ndi Jiao Yulu.

Bamboyu anabadwa m'chaka cha 1922 ku Boshan m'chigawo cha Shandong, m'banja la alimi osauka. Pa nthawi ya nkhondo asilikali a Japan anamugwira n'kukamugwiritsa ntchito yakalavula gaga ku mgodi wa malasha wa Fushun, koma anathawako. Analowa chipani cha Chikomyunizimu mu 1946, ndipo kuyambira 1953 anagwira ntchito zaka zingapo pa fakitale ya makina a m'migodi ku Luoyang. Mu Disembala 1962 anatumizidwa ku boma la Lankao m'chigawo cha Henan, kumene posakhalitsa anakhala mlembi wamkulu wa chipani. Ku China mlembi ameneyu ndiye mwini mphamvu m'boma lonse, kuposa ngakhale mkulu wa maofesi. Pansi pake panali ma komyuni, amene lero analowedwa m'malo ndi matauni ang'onoang'ono, ndipo pansi pa ma komyuniwo panali magulu a alimi a m'midzi.

Kuti mumvetse ntchito yake muyenera kulidziwa dera lenilenilo. Lankao ili m'chigwa kum'mawa kwa mzinda wa Kaifeng, m'mphepete mwa mtsinje wa Yellow River. Mtsinjewu umanyamula matope ambiri ndipo wakhala ukusintha njira. Mu 1855 unaphulitsa khoma lake m'dera lomweli n'kuyamba kulowera kumpoto chakum'mawa. Kumene unkadutsa kale unasiya milu ya mchenga, zithaphwi ndi dothi lamchere. Ndiye mavuto a Lankao anali atatu: mphepo inkakwirira tirigu ndi mchenga, mvula ikagwa madzi ankasowa kolowera, ndipo mchere unkapsereza mbewu. Anthu pafupifupi 360,000 ankakhala pa nthaka yotereyi, ndipo ambiri ankakwera sitima kupita kukapemphetsa kutali.

Nkhani imati usiku wina kukuzizira koopsa, Jiao anatenga akuluakulu anzake a chipani n'kupita nawo ku siteshoni kuti akadzionere okha mabanja amene ankathawa njala. Kenako anakhazikitsa gulu la anthu okwana 120, kuphatikizapo alimi achikulire, kuti ayende boma lonse. Mphepo ikamawomba ankailondola mpaka apeze polowera pake. Mvula ikamagwa ankayenda m'madzi kujambula njira zake. Iye mwini anafika m'magulu a alimi oposa 120 mwa magulu 149, pena pa njinga, pena wapansi.

Paja safunsa anadya phula. Nzeru yaikulu anaipeza kwa mlimi wina amene manda a mayi ake ankangofukulidwa ndi mphepo. Mlimiyo anakumba dothi lomata la pansi n'kuphimba nalo mchenga, ndipo mandawo anakhazikika. Jiao anati njira yomweyo igwiritsidwe ntchito pa milu yonse ya mchenga, kenako pabzalidwe mitengo, makamaka ya paulownia imene imakula msanga. Anakumbitsanso ngalande zochotsa madzi. Pa nkhani ya ulemu wa mpando sankanyengerera. Mwana wake atalowa ulere ku zisudzo chifukwa cha dzina la bambo ake, anamubweza kuti akalipire, ndipo anakhazikitsa malamulo khumi oletsa akuluakulu kudyerera udindo.

Nthawi yonseyi n'kuti akudwala chiwindi. Ululu ukakula ankadzitsamiritsa chinthu cholimba pamimba, mpaka mpando wake woluka unabooka mbali imodzi. Anamwalira ndi khansa ku chipatala cha ku Zhengzhou pa 14 Meyi 1964 ali ndi zaka 41, atagwira ntchito ku Lankao chaka chimodzi ndi miyezi yochepa basi. Mu 1966 mafupa ake anakaikidwa ku Lankao monga anapemphera, ndipo pa 7 Febuluwale chaka chomwecho nyuzipepala ya chipani ya People's Daily inamulengeza kukhala chitsanzo cha alembi onse a maboma.

Koma apa tisathamangire kuwomba m'manja, amangwetu. Njala imene Jiao anaipeza sinabwere ndi mchenga wokha ayi. Kuyambira 1958 boma la Mao Zedong linakakamiza ndondomeko ya Great Leap Forward: alimi anaunjikidwa m'ma komyuni, akuluakulu ankanamiza owaposa kuti zokolola zachuluka, ndipo boma linkatenga chakudya molingana ndi mabodzawo. Anthu mamiliyoni ambiri anafa pakati pa 1959 ndi 1961, ndipo Henan chinali chimodzi mwa zigawo zimene zinavutika kwambiri. Choncho chipani chimene chinamutamanda ndi chomwecho chimene chinakulitsa bala limene iye ankamanga. Nkhani ya munthu mmodzi wabwino inathandiza kuti anthu asamafunse za zolakwa za akumpando.

Kodi ndiye kuti timutaye? Iyayi. Mitengo sinama. Paulownia wa ku Lankao anakula, ndipo anthu anadzatulukira kuti matabwa ake amalira bwino. Lero midzi ina kumeneko imapanga guzheng, choyimbira cha zingwe chokhala ngati bangwe wamkulu, n'kumagulitsa kutali. Komabe Lankao inadzachotsedwa pa mndandanda wa maboma osauka mu 2017, patapita zaka 53 mwini wake atagona.

Ndiye inu ophunzira amene mawa mudzakhale m'maofesi, ndi inu a geni amene mumadula msonkho tsiku ndi tsiku, mukamva mtsogoleri akutamandidwa muzifunsa mafunso awiri. Loyamba, kodi anayendapo wapansi m'dera lake n'kumva za alimi? Lachiwiri, kodi amene akumuimbira nyimbowo akufuna kuti tiiwale chiyani?