Dotolo Robert Laws ndi Mankhwala Ogonetsa

Anzanga, ambiri a ife timamdziwa Dotolo Laws monga mmishonale amene anamanga Livingstonia, koma owerengeka okha ndiwo akumbukira kuti analinso dotolo wong'amba anthu. Robert Laws anabadwa mu 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iyenso anayamba ntchito yomweyo, namaphunzira usiku kufikira analowa yunivesite. Anaphunzira za udotolo, naphunziranso za ubusa.

Mu 1875 anabwera kuno ndi gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yawo, Ilala, anaiphwasula pa mathithi a Shire, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu. Mwezi wa Okutobala analowa m'nyanja, namanga misasa ku Cape Maclear.

M'mwezi wa Malichi 1876 kunafika mnyamata wa chotupa pafupi ndi diso. Laws anamnunkhizitsa mankhwala otchedwa chloroform, mnyamatayo nagona tulo tofa nato, ndipo dotoloyo anachotsa chotupacho wodwalayo osamva kanthu. Zotere zinali zisanachitikepo m'dziko lino, ngakhale kuti James Simpson anali atayamba kugwiritsa ntchito mankhwalawa ku Edinburgh mu 1847.

Tsono nkutheka bwanji mpeni kulowa m'thupi munthu osakuwa? Apa tiyenera kudziwa njira imene ululu uyendamo. Ife timati mitsempha ponena za njira za magazi, ndiponso timati mitsempha ponena za tizingwe toyera tonyamula mauthenga, koma izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pano tikunena za tizingweto. Likulu lake ndi ubongo. Kuchokera ku ubongo kutsika chingwe chofewa chodutsa m'kati mwa fupa la msana, ndipo pa chingwechi pamatuluka mitsempha iwiriiwiri, magulu 31, yonka ku manja, ku thunthu ndi ku miyendo. Magulu ena 12 amachokera ku ubongo weniweniwo, ndipo mwa iwo muli yosamalira maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu la kumaso. Ina imanyamula uthenga kupita nawo ku likulu, ina imabwera ndi lamulo lakuti mnofu ugwire ntchito. Mukakhudza mphika wotentha, chingwe cha mumsana chija chimabweza dzanja msangamsanga, ubongo usanazindikire nkomwe kuti mwapsa. Kuwawa kumabwera pambuyo, uthenga utafika kumutu.

Choncho khungu silimva ululu pa lokha. Limangotumiza uthenga, wakumva ndi ubongo. Chloroform ikalowa m'mapapo imapita m'magazi, nifika ku ubongo ndi kuugonetsa. Mpeni wa Laws unadula ndithu, mitsempha ya kumaso kwa mnyamata uja inatumiza uthenga wake, koma kunalibe woulandira.

Choopsa chake chinali apa. Kunsi kwa ubongo, pamene ulumikizana ndi chingwe cha mumsana, kuli mbali yolamulira kupuma, imene siigona ngakhale ife tili m'tulo. Mankhwala akachepa, wodwala amadzuka mpeni uli m'thupi. Akachuluka, mbali imeneyi nayo imagona, munthu nkuleka kupuma. Masiku amenewo ankangodontheza mankhwalawa pa kansalu koika pamphuno, dotolo namayang'anira mpweya ndi kugunda kwa mtima ndi maso ndi zala zake. Taganizani, anzanga: mlendo wa zaka 24, wosadziwa bwino chinenero, amene wakhala m'dziko la eni miyezi isanu yokha. Mnyamatayo akadapanda kudzuka, ndani akadakhulupirira kuti Mzunguyo sanamuphe dala? Ine ndiyesa kuti ntchito yonse ya mishoni ikadagwedezeka tsiku lomwelo. Koma anadzuka, nachira, ndipo mbiri yake inawanda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Lero chloroform anaisiya chifukwa imawononga mtima ndi chiwindi. Achibale athu a ku Kawale, ku Biwi kapena kuno ku Chipasula akapita ku opaleshoni ku Kamuzu Central amapatsidwa mankhwala ena, ndipo amayi ambiri obereka ndi mpeni amangobayidwa jekeseni kumsana, imene imatseka njira ya uthenga m'munsi, iwo ali maso.

Malungo anapha anzake angapo ku Cape Maclear, motero mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe. Kumeneko anamanga sukulu ya Overtoun, yophunzitsa aphunzitsi, amisiri, othandiza m'chipatala ndi otumiza mauthenga pa lamya. Levi Mumba ndi Clements Kadalie anaphunzira komweko. Komabe sitingabise kuti mishoni yake inachedwa kukhulupirira anthu akuda pa udindo: abusa oyamba, mmodzi wa iwo Yesaya Zerenji Mwasi, anadzozedwa mu 1914, pamene Charles Domingo anali atatopa kale ndi kudikira, nachoka.

Laws anachoka m'dziko lino mu 1927, atagwira ntchito zaka 52. Anamwalira ku London mu 1934, ndipo anakamuika kwawo ku Aberdeen.