UCAR CHITALU: BATIRE LOMWE SILINKATHA MOTO

Anzanga, taimani kaye musanathamangire ku bwalo. Sabata yatha pa buleki tinatsutsana za Messi ndi Ronaldo mpaka ena kutsala pang'ono kugwirana m'makolala. Ine nditatchula Godfrey Chitalu munandiseka, eti ndikupeka. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense adziwerengere yekha.

Dzinali ndinalimva kwa agogo anga aamuna. Paja kuno ku Edingeni Zambia ndi pafupi, ndipo agogo ali mnyamata ankatchera wailesi ya kumeneko kuti amvere mpira. Woulutsa anali Dennis Liwewe, munthu wobadwira kuno ku Malawi. Agogo amati tsiku la masewero ankayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa, kuopa kuti wailesi ingazime Chitalu ali ndi mpira. Zimene anandiuza ndinazifufuzanso ndekha, ndipo ndi izi.

Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa. Anayamba kutchuka ali ku timu ya Kitwe United. Anali wamphamvu, waliwiro, womenya mpira mopanda chisoni. Koma anali ndi vuto limodzi lomwe enafe tili nalo: mtima wapachala. Ankakangana ndi oyimbira, ankatulutsidwa m'bwalo, nthawi zina mpaka kuimitsidwa kusewera. Akanapitiriza choncho bwenzi lero palibe akumukumbukira. Mwamwayi anadzigwira mtima, ndipo mu 1968 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dziko la Zambia. Ulemu umenewu anaulandira kasanu: 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Taonani bwino zakazo. Kuchoka koyamba kufika komaliza padutsa zaka 11, munthu adakali pamwamba. N'chifukwa chake dzina loti Ucar linamukhala. Ucar anali mabatire otchuka masiku amenewo, odziwika kuti sakutha moto msanga.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji. Chaka chotsatira, 1972, ndiye chomwe tinakanganirana chija. M'chaka chimenecho Chitalu anagoletsa zigoli 107, kuphatikiza za ku kalabu ndi za timu ya dziko. Inu a masamu tagawani 107 ndi masabata 52: ndi zigoli ziwiri sabata iliyonse, chaka chathunthu, n'kutsalako zitatu. Pa masewero amodzi okha a chikho cha makalabu a mu Africa, Warriors inakwapula Majantja ya ku Lesotho 9-0, ndipo zigoli 7 zinali zake.

Ku timu ya dziko nakonso sanagone. Anali m'gulu lomwe linafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Egypt mu 1974, komwe Zambia inagonja kwa Zaire atabwereza masewero. Mu 1980, ali ndi zaka 32, anasewera pa mpikisano wa Olympics womwe unachitikira ku Soviet Union ndipo anagoletsa eni bwalo. Zigoli zake zonse ku timu ya dziko ndi 79, ndipo mpaka pano palibe wa ku Zambia amene wazipitirira.

Atasiya kusewera sanachoke ku mpira. Patapita zaka anakhala mphunzitsi wa Kabwe Warriors. Apa ndi pomwe ine amandigometsa. Mnyamata uja ankatulutsidwa m'bwalo chifukwa cha ukali tsopano ndi amene ankaphunzitsa ana a anthu kuugwira mtima. Kumapeto kwa 1992 Zambia itagonja kwa Madagascar pa masewero olimbirana malo ku World Cup, akuluakulu a mpira anamupatsa Chitalu timu ya dziko, womuthandiza ali Alex Chola, katswiri winanso wakale. Timu inali ya anyamata olusa, ndipo anthu ankakhulupirira kuti ulendo uno Zambia ipita ku World Cup ya 1994 ku America.

Sizinatheke. Mu Epulo 1993 timuyo itangogonjetsa Mauritius 3-0, inanyamuka pa ndege ya asilikali kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Usiku wa pa 27 Epulo ndegeyo inatera ku Libreville, m'dziko la Gabon, kuti imwe mafuta. Itangonyamukanso inagwera m'nyanja yamchere. Anthu onse 30 anafera pomwepo: osewera 18, Chitalu, Chola, akuluakulu ena ndi oyendetsa ndege. Kaputeni Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV ku Netherlands ndipo amayenera kukakumana ndi anzake ku Senegal komweko. Chitalu anali ndi zaka 45 basi, atakhala pa mpandowo miyezi yochepa chabe. Onse anawaika pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka. Agogo amati atamva uthengawo anazimitsa wailesi, ndipo tsiku limenelo kudimba sanapiteko.

Patatha zaka 19, mu Febuluwale 2012, Zambia inatenga chikho cha Africa koyamba itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7. Kuti? Ku Libreville komweko, pafupi ndi pomwe ndege ija inagwera. Kumapeto kwa chaka chomwecho Messi anafikitsa zigoli 91, dziko lonse n'kumati waposa Gerd Müller wa ku Germany yemwe anagoletsa 85 mu 1972. A ku Zambia anadzuka n'kukumbutsa anthu kuti mu 1972 momwemo Chitalu anagoletsa 107. Bungwe la FIFA linangoyankha kuti silisunga chiwerengero cha zigoli za m'maligi a mayiko, choncho silingatsimikize za aliyense. Nkhani inathera pomwepo. Za Messi aliyense amazionera pafoni, pomwe za Chitalu munthu amachita kukazifukula m'manyuzipepala akale. Komabe kwawo sanamutaye: bwalo la Kabwe Warriors pano limatchedwa dzina lake.

Tsono ine chomwe chikundiwawa si FIFA ayi. Ndi ifeyo. Chitalu zigoli zake tikuzidziwa chifukwa panali atolankhani omwe ankalemba masewero aliwonse. Nanga ife? Ndani angandiuze yemwe anagoletsa zigoli zambiri pa timu ya sukulu yathu zaka zitatu zapitazo? Ndafunsa anzathu asanu a Fomu 4, ndalandira mayina anayi osiyana, wachisanu anangoseka. Atsikana a netibolo nawonso chimodzimodzi. Timakuwa, timavina, mawa lake taiwala, kenako timakangana za anthu a ku Ulaya ngati kwathu kuno kulibe miyendo.

Ine ndagula kope la masamba 80 ndi ndalama yanga ya ganyu. Kuyambira masewero akubwerawa ndizilemba tsiku, timu yomwe tasewera nayo, zigoli ndi omwe agoletsa, ku mpira wamiyendo ndi ku netibolo komwe. Ndikadzamaliza Fomu 4 ndidzasiyira wina wa Fomu 2. Ndikufuna anthu awiri ondithandiza, mnyamata ndi mtsikana, olemba zooneka bwino komanso osakondera anzawo. Amene mukufuna, mundipeze m'kalasi mwathu Lachitatu tikaweruka.

Wolemba: mnzanu wa mu Fomu 3