THEODORUS WA KU CYRENE: MPHUNZITSI WA MASAMU

Ambiri a ife tikukumbukira phunziro lija la masamu limene aphunzitsi ankatiuza kuti tipeze malo a sikweya ruti ya 2 pa mzere wa manambala, m'manja muli rula ndi kampasi basi. Lero tiyeni timve mbiri ya mmodzi wa aphunzitsi akale amene anakhetsa thukuta pa nkhaniyi.

Theodorus anabadwa cha m'ma 465 BC ku Cyrene, mzinda wa Agiriki umene mabwinja ake ali m'dziko la Libya. Poyamba anali mnzake wa wanzeru uja Protagoras, koma pambuyo pake anaika mtima pa masamu. Anakaphunzitsa ku Athens, ndipo anamwalira cha m'ma 398 BC. Zimene iye analemba zinatayika zonse. Timamudziwa kwenikweni kudzera m'buku la Plato lotchedwa Theaetetus, limene likumuonetsa akucheza ndi Socrates.

Otsatira a Pythagoras ankakhulupirira kuti utali uliwonse ungathe kulembedwa ngati nambala yathunthu yogawidwa ndi inzake. Chikhulupirirochi chinagwedezeka zitadziwika kuti sikweya ruti ya 2 ikukana lamuloli. Theodorus anaonetsa kuti 2 sanali yekha. Anatenga 3, kenaka 5, n'kumatsimikizira imodziimodzi, kudumpha 4, 9 ndi 16, mpaka analekezera pa 17.

Chodabwitsa n'chakuti utali wokana kulembedwawu umatheka kuujambula. Lembani mzere, muike 0 ndi 1. Pa 1 imikani kamzere kolunjika m'mwamba kotalika 1, ndipo mulumikize nsonga yake ndi 0. Mwa lamulo la Pythagoras, 1 kuphatikiza 1 ndi 2, choncho mzere wopendekekawo ndi sikweya ruti ya 2. Bayani kampasi pa 0, muitambasule mpaka pansongapo, n'kuizunguza kutsikira pa mzere woyamba. Idzagwera pafupi ndi 1.414. Mukaimika kamzere kena ka 1 pansonga pomwepo, kopanga ngodya ya madigiri 90 ndi mzere wopendekeka uja, mupeza sikweya ruti ya 3, pafupifupi 1.732.

Mukapitiriza chomwecho, chojambulacho chimazungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo masiku ano chimadziwika ndi dzina la Theodorus. Thirayango ya nambala 16 imapereka sikweya ruti ya 17, koma yotsatira imakwera pa yoyamba ija. N'chifukwa chake akatswiri ena amaganiza kuti ichi ndicho chinamuimitsa pa 17.

Ntchitoyi anaipitiriza ndi wophunzira wake Theaetetus. M'malo moyesa nambala iliyonse payokha, iye anafunafuna lamulo limodzi lokhudza zonse, ndipo maganizo ake analowa m'buku la 10 la Elements la Euclid. Mphunzitsi anayala maziko, mwana wasukulu n'kumanga nyumba.

Anzanga, nafenso tili ndi aphunzitsi amene sanasiye buku lililonse. Monga Theodorus, mbiri yawo ili m'manja mwa amene anawaphunzitsa. Amene akali moyo, tiwalembere kalata kapena tikawaone.