Daniel Kachamba, Katswiri wa Gitala

M'dziko la Malaŵi mwakhala oimba ambiri otchuka. Ena adatchuka ndi bangwe, ena ndi banjo, ena ndi mau ao okoma. Mmodzi mwa oimba amene maina ao sadaiŵalike ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka, m'boma la Blantyre. Iye ankaimba gitala, koma makutu ake sadali pa gitala pokha. Ankakonda kumvera chitoliro, malipenga ndi nyimbo za maiko akutali, ndipo chilichonse chokoma chimene wamva ankayesetsa kuti gitala wake achilankhule.

Daniel adabadwa m'chaka cha 1947, dziko lino likutchedwabe Nyasaland. Kwao kunali m'mudzi wa Singano, pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Bambo wake anali James Kachamba. Daniel anali ndi mng'ono wake dzina lake Donald, amene pambuyo pake adadzakhala mnzake weniweni pa ntchito yoimba.

Masiku amenewo anthu ambiri a ku Nyasaland ankapita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa kukafuna ntchito m'migodi, m'minda ya Azungu ndi m'mizinda. M'chaka cha 1957 banja la a Kachamba nalonso lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene tsopano ukutchedwa Harare, likulu la dziko la Zimbabwe. Pa nthaŵiyo Daniel anali ndi zaka 10. Mu mzindawo munali anthu a mitundu yosiyanasiyana: Ashona, Andebele, a ku Mozambique, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland. Mtundu uliwonse unali ndi nyimbo zakwao, ndipo pamwamba pa zimenezi panali nyimbo za pa wailesi ndi za pa galamafoni. Kumeneko ndiko kumene Daniel adaphunzira gitala. Mphunzitsi wake wamkulu anali khutu. Ankamvetsera nyimbo mobwerezabwereza, kenaka nkuifunafuna pa nsambo za gitala kufikira ataipeza.

Mwa nyimbo zonse zimene zinkamveka ku Salisbury, zimene zidamugwira mtima kwambiri zinali za kwela. Nyimbozi zidayambira m'miseu ya mzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo dzina lake lidachokera ku mau a Chizulu ofanana ndi mau a Chicheŵa akuti kwera. Anyamata a ku Johannesburg ankamva nyimbo za jazi za ku America pa galamafoni ndi m'nyumba zoonetsera kanema. Magulu a jazi anali ndi malipenga aakulu onyezimira, amene anyamata osaukawo sakadatha kugula. Tsono iwo adagula tizitoliro tachitsulo totsika mtengo, ta ziboo zisanu ndi chimodzi, nayamba kutsanzira malipenga aja. Adatulukiranso njira yaoyao yoimbira. Ankaloŵetsa chitoliro m'kati mwa kamwa mochipendeketsa pang'ono, kuti mau ake amveke patali ndiponso mokoma. Mmodzi wa iwo, Spokes Mashiyane, adatchuka kwambiri kuyambira m'chaka cha 1954, ndipo mbale za nyimbo zake zinkagulidwa m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa. Motero kwela inali nyimbo ya malipenga imene idasamukira pa chitoliro.

M'chaka cha 1961 banja lija lidabwerera kumudzi ku Singano. Daniel adabwera ndi luso la gitala, pamene Donald, ngakhale anali wamng'ono, adagwira chitoliro. Patapita nthaŵi, abale aŵiriŵa pamodzi ndi anyamata anzao adayambitsa gulu loimba limene lidadziŵika ndi dzina lakuti Kachamba Brothers Band. Zoimbira zao zinali zinai: gitala, chitoliro, maseche ndi bezi. Bezi wa magulu a kwela sankagulidwa m'sitolo. Ankapangidwa ndi bokosi lamatabwa, ndodo ndi chingwe chimodzi. Woimba akakoka ndodo, chingwe chinkalimba ndipo mau ankakwera. Akaileka pang'ono, mau ankatsika.

M'gulu lotere munthu sangadziŵe mbali yake yokha. Wa gitala ayenera kudziŵa pamene chitoliro chikupita, kuti achiyalire njira. Wa chitoliro nayenso ayenera kumva pamene gitala akutembenukira, kuti asasokere. Motero Daniel adadziŵa bwino mayendedwe a chitoliro cha mng'ono wake, ndipo Donald nayenso adadzaphunzira gitala. Nyimbo imene mmodzi waikonda, posakhalitsa idakhala ya onse.

Gululi lidalibe nyumba yoimbiramo. Bwalo lao linali mseu. Ankaima m'tauni ya Blantyre pamalo podutsa anthu ambiri nayamba kuimba, ndipo amene zaŵakomera ankaponya kandalama. Ntchito yotere njovuta. Tsiku lina ndalama zimapezeka, tsiku lina munthu amabwerera chimanjamanja. Ndiponso woimba wa mumseu akapanda kukometsa, anthu sataya nthaŵi, amangopitirira ulendo wao. Nchifukwa chake oimba otere ayenera kudziŵa nyimbo zamitundumitundu, kuti wokonda ichi ndi wokonda icho onse aime.

Nyimbo zatsopano zinkafika m'dziko muno kudzera pa wailesi ndi pa mbale za galamafoni. Ku Congo kunkachokera rumba, imene Amalaŵi ambiri ankaitchula kuti lumba. Anthu a ku Congo nao adaimva kwa oimba a pa chilumba cha Cuba, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, naisula mwa njira yao. Ku Congo komweko kunali katswiri wa gitala dzina lake Mwenda Jean Bosco, amene nyimbo zake zidajambulidwa koyamba m'chaka cha 1952 ndipo zidafalikira kutali. Ku Kenya kunkachokera twisti. Ku South Africa, pambuyo pa kwela, kudabwera simanje-manje wa magitala amagetsi. Panalinso sinjonjo, gule wa m'matauni amene achinyamata ankamkonda. Daniel sadasankhe mtundu umodzi nkutaya ina. Adaphunzira yonse, napeka nyimbo zakezake motsata mitundu imeneyi.

Koma panali vuto. Zambiri mwa nyimbozi zinkaimbidwa ndi magulu aakulu okhala ndi zoimbira zodula. Daniel anali ndi gitala mmodzi wosalira magetsi, ndipo m'kupita kwa zaka ankaimba kaŵirikaŵiri ali yekha. Tsono adapeza njira yoika gulu lonse m'manja mwake. Chala chachikulu chinkaliza nsambo za mau aakulu, kugwira ntchito ya bezi. Chala chamkombaphala chinkaliza nsambo za mau ang'onoang'ono, kuyankha monga chimachitira chitoliro kapena gitala wotsogolera. Pamwamba pa zonsezi pankabwera mau a pakamwa pake. Gitala wa m'sitolo amakhala ndi nsambo zisanu ndi imodzi, koma Daniel kaŵirikaŵiri ankachotsapo imodzi nkutsala ndi zisanu. Ankasinthanso kamangidwe ka nsambozo, kulimbitsa ina ndi kumasula ina, malinga ndi nyimbo imene akufuna kuimba. Munthu womva ali patali ankatha kuganiza kuti akuimba ndi anthu aŵiri kapena atatu.

Ngakhale adatola zambiri kunja, Daniel sadataye zakwao. M'midzi ya ku Chileka amai ankaimba pamtondo, ndipo madzulo ana ankavomera nyimbo za m'nthano. M'nyimbo zoterezi mmodzi amatsogola, ena nkumavomera. Momwemonso m'nyimbo za Daniel mau a pakamwa ankatsogola, gitala nkumavomera. Nyimbo zake zambiri adazipeka m'Chicheŵa, ndipo zinkanena za moyo wa tsiku ndi tsiku: chikondi, ukwati, maulendo ndi mavuto a anthu wamba. Chifukwa cha ichi, ngakhale nkhalamba imene sidapondeko ku Salisbury inkatha kumva kuti nyimboyo ikukamba za pakhomo pake.

M'chaka cha 1967 mu mzinda wa Blantyre mudafika mlendo wochokera ku Vienna, m'dziko la Austria, dzina lake Gerhard Kubik. Iyeyu ankayenda m'maiko a mu Africa kuphunzira nyimbo za anthu. Ali mnyamata kwao ankaimba jazi ndi chida chouzira chotchedwa clarinet, chimene chimaoneka ngati chitoliro chachikulu chakuda. Atamva gulu la a Kachamba likuimba mumseu, adazindikira kuti m'chitoliro cha Donald munali jazi yemwe uja, koma atavala malaya ena. Adajambula nyimbo zao pa tepi ndi pa kanema, nalembanso buku lonena za gululi, limene lidatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1974 kudzera ku Yunivesite ya Zambia. Mlendoyo sadangolemba chabe. Adakhala wophunzira wa anyamata a ku Singano, ndipo pambuyo pake ankaimba clarinet m'gulu la Donald. Motero munthu amene adadzera kudzafufuza adasanduka mnzao woimba naye.

Kuyambira m'chaka cha 1972 abale aŵiri aja adayamba kuitanidwa kunja. Adakaimba ku Nairobi m'dziko la Kenya ndiponso ku Ulaya, m'maiko monga Germany ndi Austria. Kuno kumudzi nyimbo za Daniel zinkamveka pa wailesi ya MBC, ndipo anthu adamzoloŵera ndi dzina lakuti Dokotala Daniel Kachamba.

Pa nthaŵi imeneyi ku Johannesburg, kumene kwela idabadwira, chitoliro chinali chitaikidwa pambali. Oimba ambiri, ngakhale Spokes Mashiyane amene, anali atatembenukira ku lipenga lotchedwa sakisofoni, ndipo ojambula mbale ankafuna nyimbo za magitala amagetsi. Nyimbo imene ilibe woiimba imafa, poti sili ngati khasu limene munthu angaliike m'nkhokwe nkudzalipeza chaka chamaŵa. A Kachamba sadachite manyazi ndi nyimbo imene ena ankaiona ngati yachikale. Adapitiriza kuiimba ndi kuiphunzitsa ana. Motero mudzi wa Singano udakhala malo amodzi mwa malo oŵerengeka kumene kwela idasungika, kutali ndi kwao.

Daniel Kachamba adamwalira pa 25 Julayi 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40. Donald adapitiriza ntchito imene adaiyamba ndi mkulu wake. M'chaka cha 1999 adakaphunzitsa kwela pa yunivesite ya mu mzinda wa Los Angeles ku America, dziko limene jazi adachokera. Iye adamwalira m'chaka cha 2001, ndipo anyamata amene adaŵaphunzitsa ku Singano adapitiriza gulu lake.

M'masiku a Daniel nyimbo za ku Congo zinkafika m'Malaŵi pa mbale ndi pa wailesi, eni ake ali kutali. Iye atamwalira, eni nyimbo zoterezi adadzafika okha. M'chaka cha 1994 malo a Dzaleka m'boma la Dowa, amene kale anali ndende, adasandutsidwa msasa wa anthu othaŵa nkhondo ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo ndi maiko ena. Anthuŵa adasiya nyumba ndi minda, koma nyimbo adabwera nazo, poti nyimbo silemera pamutu. M'chaka cha 2014 mlakatuli wina wa ku Congo wokhala pamsasapo, Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, mau a Chiswahili otanthauza chiyembekezo. Oimba a ku Malaŵi adakwera mapiri a Dowa kukaimba pa bwalo limodzi ndi oimba a pamsasa. Wa gitala adamva ng'oma zazikulu za ku Burundi, ndipo wa ng'oma adamva gitala wa ku Malaŵi. Kugaŵana nyimbo kumene Daniel ankachita ndi oimba amene sadaŵaonepo, kumeneko kudachitika maso ndi maso.

Akuluakulu akale adaona kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Daniel Kachamba sadanyoze nyimbo chifukwa chakuti njachilendo, kapena chifukwa chakuti idapekedwera chida china. Adaimvetsera modekha, naitengera kumudzi, naiphunzitsa Chicheŵa. Nchifukwa chake munthu womva nyimbo zake amamvamo Johannesburg, Congo ndi Kenya, koma amadziŵabe kuti woimbayo ndi mwana wa ku Chileka.

Mafunso

1. Kodi Daniel Kachamba adabadwa chaka chiti, ndipo kwao kunali kuti?
2. Chifukwa chiyani anyamata a ku Johannesburg ankaimba tizitoliro m'malo mwa malipenga?
3. Fotokozani mmene bezi wa magulu a kwela ankapangidwira.
4. Kodi Daniel ankachita bwanji kuti gitala mmodzi amveke ngati gulu lonse?
5. Tchulani maiko atatu kumene kunkachokera nyimbo zimene Daniel adaphunzira.
6. Chifukwa chiyani mudzi wa Singano uli wofunika pa mbiri ya kwela?
7. Kodi mwambi wa mlendo ndi kalumo kakuthwa ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?