Attilio Piccirilli, Mmisiri Wosema Miyala

Anzanga, kuno ku Thyolo tikamva za Mtaliyana timangoganiza za Conforzi ndi minda ya tiyi. Ine ndikuuzani za Mtaliyana wina, amene zida zake zinali tchizulo ndi nyundo.

Attilio Piccirilli anabadwa mu 1866 ku Massa, dera la ku Italy lotchuka ndi miyala yoyera ya mabo. Mu 1888 banja lawo linasamukira ku New York. Kumeneko bambo ake, a Giuseppe, ndi ana awo aamuna asanu ndi mmodzi, onsewo osema miyala, anatsegula malo awo antchito ku Bronx.

Ku Washington kuli chiboliboli cha Abraham Lincoln atakhala pampando, chotalika pafupifupi mamita 6. Anthu amati ndi cha Daniel Chester French. Inde, iyeyo ndiye anaumba chitsanzo chake. Koma amene anasema zidutswa 28 za mwala n'kuzilumikiza bwinobwino, moti polumikizira pamavuta kuona, anali anyamata a Piccirilli. Mikango iwiri ya pakhomo pa laibulale yaikulu ya New York, ya mu 1911, anasemanso ndi iwowa. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu. Zimandikumbutsa paketi ya tiyi: pamalembedwa dzina la kampani, osati la mayi amene anathyola masambawo m'mame.

Pa Maine Monument, mu 1913, ziboliboli zinali nzeru za Attilio mwiniwake, ndipo dzina lake linamveka. Kenaka anathandiza kuyambitsa Leonardo da Vinci Art School kuti ana a osauka aziphunzira luso pa fizi yochepa. Anamwalira mu 1945.