Brown-Séquard, dotolo yemwe adaphunzira kwa akalulu ndi mbira

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Kwa zaka zambiri madotolo sankadziwa ntchito ya tiziwalo tiwiriti, mpaka pomwe Charles-Édouard Brown-Séquard adaonetsa kuti popanda ito, moyo sungapitirire.

Mkuluyu adabadwira ku Port Louis pachilumba cha Mauritius m'chaka cha 1817. Bambo ake, omwe ankayendetsa sitima zapamadzi, adasowa panyanja iye asanabadwe, kotero adaleredwa ndi mayi ake okha movutikira. Adapita ku Paris ndi maganizo okhala mlembi wa mabuku, koma zitakanika adayamba maphunziro a udotolo omwe adawamaliza mu 1846.

M'chaka cha 1855, dotolo wa ku London, Thomas Addison, adalemba za odwala omwe ankafooka, kuonda ndi kuda khungu mpaka kumwalira. Powapima mitembo, tiziwalo tija tinkapezeka titaonongeka, nthawi zambiri ndi chifuwa chachikulu cha TB.

Chaka chotsatira, Brown-Séquard adafuna umboni. Adachotsa tiziwaloti mwa akalulu, mbira, agalu ndi amphaka, ndipo nyamazo zinkafa posakhalitsa. Anzake ena adamutsutsa ponena kuti chidapha nyamazo ndi opaleshoni, makamaka poti makoswe ena ankapulumuka. Patapita nthawi zidadziwika kuti makoswe otere amakhala ndi timinofu tina tapadera togwira ntchito yomweyo.

Lero tikudziwa kuti tiziwaloti timatulutsa homoni ya cortisol, yomwe imathandiza thupi kupirira likakumana ndi matenda, ngozi kapena mantha. Ikasowa, magazi amathamanga mofooka, shuga amatsika ndipo munthu angathe kufa.

Sikuti zonse zidamuyendera bwino. Mu 1889, ali ndi zaka 72, adadzibaya jekeseni ya madzi ochokera ku ziwalo zoberekera za agalu ndi mbira, n'kulengeza kuti mphamvu zaunyamata zamubwerera. Ambiri adamuseka. Adamwalira ku France mu 1894.

Koma pankhani ya adrenal adalondola. Mu 1950, Edward Kendall, Tadeus Reichstein ndi Philip Hench adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wa mahomoni a tiziwaloti. Odwala nthenda ya Addison tsopano amakhala zaka zambiri pomwa mapiritsi tsiku ndi tsiku.

Phunziro lina n'lakuti amene wamwa prednisolone nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi asanaonane ndi dotolo, chifukwa tiziwalo take timakhala titachepetsa kupanga cortisol.