Ernest Just: katswiri wa mazira a nyongolotsi za m'nyanja

M'nyanja zamchere muli nyongolotsi zina zimene zikadulidwa mchira zimamera wina. Masiku ano akatswiri a sayansi amafufuza momwe maselo ndi ma enzyme a nyongolotsizi amagwirira ntchito pomeretsa chiwalo chatsopanocho. Mmodzi mwa anthu amene anazidziwa bwino nyongolotsi za mtunduwu, makamaka mazira ake, anali Ernest Everett Just, munthu wakuda wa ku America amene dziko lake lomwe linamumana malo oyenera nzeru zake.

Just anabadwa pa 14 Ogasiti 1883 mu mzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndipo mayi ake, a Mary, analera ana pophunzitsa sukulu ndi kugwira ntchito m'migodi ya phosphate. Mnyamatayo anakaphunzira kumpoto kwa dzikolo, namaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 1907 atakhoza mwapamwamba. Komabe, pa nthawiyo mayunivesite akuluakulu a azungu sankalemba ntchito aphunzitsi akuda, choncho anapita kukaphunzitsa ku Howard University, sukulu ya anthu akuda mu mzinda wa Washington.

Kuyambira mu 1909, Just ankapita m'nyengo yotentha kumalo ofufuzira zamoyo za m'nyanja ku Woods Hole, komwe ankagwira ntchito ndi Frank Lillie. Kumeneko nyongolotsi zotchedwa Nereis zimayandama pamwamba pa madzi usiku kuti ziswane, motsatira kayendedwe ka mwezi. Just ankazidikira ndi nyali, kuzigwira, kenaka n'kumayang'anitsitsa mazira ake pa makina okuzira tinthu tating'onoting'ono. Mu 1912 anasonyeza kuti malo amene umuna walowera m'dzira ndiwo amatsogolera momwe dziralo ligawikire koyamba. Kafukufukuyu anamutchukitsa. Mu 1915 anakhala munthu woyamba kulandira mendulo ya Spingarn kuchokera ku bungwe la NAACP, ndipo chaka chotsatira analandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Chicago.

Anzake ambiri ankaika mtima pa majini ndi pa phata la selo. Just ankanena kuti kunja kwa selo nakonso n'kofunika kwambiri, popeza ndiko kumene dzira limakumanirana ndi umuna ndi kutsekereza umuna wina kuti usalowe. Ankaumiriranso kuti wofufuza ayenera kuyamba wadziwa momwe chamoyo chimakhalira m'madzi mwake, apo ayi adzayesa dzira lodwala n'kumaganiza kuti wapeza choonadi.

Ngakhale luso lake linali lodziwika, tsankho linamutsekera makomo a mayunivesite okhala ndi zipangizo zokwanira. Mu 1929 anapita ku Naples, m'dziko la Italy, komwe anafufuza kuswana kwa nyongolotsi imene lero imatchedwa Platynereis dumerilii, yomwenso akatswiri amaigwiritsa ntchito pophunzira za kumeranso kwa ziwalo. Mu 1930 anaitanidwa ku Kaiser Wilhelm Institute mu mzinda wa Berlin. Ku Ulaya anapezako ulemu umene kwawo ankausowa, moti ankabwererako kawirikawiri. Mu 1939 anasindikiza buku lake lalikulu, The Biology of the Cell Surface.

Nkhondo inamupeza ali ku France. Asilikali a Germany atalanda dzikolo mu 1940, anamutsekera kwa kanthawi kochepa, ndipo atatulutsidwa anabwerera ku America thanzi lake litafooka. Anamwalira ndi khansa ya kapamba pa 27 Okutobala 1941, ali ndi zaka 58.

Kwa zaka zambiri dzina lake linali ngati laiwalika, mpaka Kenneth Manning atalemba mbiri ya moyo wake mu 1983. Mu 1996 dziko la America linaika nkhope yake pa sitampa ya positi.